Mayina Atatu Odulidwa ndi Lumo

Mu 1959 mpingo wa kwa Nikodemo, mudzi umene uli kumwera kwa Sinda, unkakwanitsa zaka makumi asanu. Akulu a mpingo anapangana kuti chikondwerero chichitike mu Ogasiti, anthu atamaliza kututa chimanga ndi kuthyola thonje, ndipo kuti pa tsikulo pawerengedwe mbiri ya munthu amene anayamba mudziwo n'kumanga tchalitchi choyamba. Ntchito yolemba anaipereka kwa Stanford Mvula, mphunzitsi wa pasukulu ya pamudzipo. Sanavutike kusankha. Stanford anali mdzukulu wa malemu a Nikodemo Kwenda, wobadwa kwa mwana wawo wamkazi, a Febby, ndipo zolemba zake zinali zowongoka ngati mizere ya pulawo.

Stanford anavomera mokondwa. Mbiriyo ankaidziwa kale, monga mmene aliyense kumeneko ankaidziwira. A Nikodemo anachokera kutsidya, m'dziko la Apwitikizi, pothawa ntchito yokakamiza. Anafika m'mphepete mwa mtsinje wa Kamphasa kuli nkhalango yokhayokha, mikango ikulira dzuwa lili pamutu. Anagwetsa mitengo, anakumba chitsime chimene anthu ankatungabe, ndipo iwo ndi akazi awo, a Elina, ndiwo anayamba kubatizidwa m'dera lonselo. Stanford ankawakumbukira agogo akewo: munthu wamtali, wa mphumi yotakata ndi makutu oima, amene anamwalira iye ali ndi zaka khumi. Chimene chinkasowa ndi zaka zenizeni, pakuti mphunzitsi sangaime pamaso pa abusa n'kumangoti "kalekale."

Zakazo zinali m'kabuku ka chikuto chakuda. A Nikodemo anaphunzira kulemba atakula kale, ndipo m'kabukumo ankalembamo za mvula, za dzombe ndi kubadwa kwa ana. Ankakasunga ndi a Tobias, atsibweni a Stanford, amene onse ankawadziwa ngati mwana wachisamba wa a Nikodemo. A Tobias anali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa ng'ombe zolimira zisanu ndi imodzi.

Stanford anawapeza akusema goli kuseri kwa khola.

"Atsibweni, ndabwera kudzabwereka kabuku ka agogo."

"Ufunamo chiyani?" anafunsa a Tobias osadzutsa mutu. "Zonse zili m'mutu mwangamu. Khala apo, ndikuuze."

"Ndifuna zaka, atsibweni. Abusa adzafunsa."

A Tobias anasema kanthawi ndithu. Kenako anaika kasemasema pansi, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kabukuko katakulungidwa m'nsalu.

"Mawa kabwere," anatero.

Stanford anakatsegula atakhala pa benchi ya m'kalasi ana ataweruka. Zilembo za agogo ake zinali zazikulu, zopendekera, zolemba ndi pensulo yonyowetsa ndi malovu. Tsamba loyamba linali la ana. Pamenepo ndi pamene maso ake anaima. Theka la pamwamba la tsambalo panalibe, ndipo mndandanda unayambira pa nambala 4. Panalembedwa kuti: 4. Tobias, 1905. 5. Febby, 1910. 6. Alick, 1913.

Pobweza kabukuko m'mawa mwake anafunsa za tsambalo.

"Chiswe," anayankha a Tobias mwachidule.

Stanford sanatsutse, koma ankadziwa kuti chiswe sichidya mowongola chotero. Tsambalo linadulidwa ndi lumo, ndipo wodulayo anachita kuika chinthu chowongoka pamwamba kuti asakhotetse.

Anapita kwa amayi ake, nawapeza akusenda mtedza pakhonde.

"Amayi, kodi agogo a Elina anatayapo ana asanabadwe atsibweni?"

"Ana ati?" anadabwa a Febby. "Amayi anga ankanyada mpaka tsiku la imfa yawo kuti sanaikepo mwana m'manda ngakhale mmodzi. Tinabadwa atatu, tinakula atatu. Wafunsiranji?"

"Kabuku kakuti atsibweni ndi achinayi."

"Ine za m'mabuku sindizidziwa, mwanawe. Mwina atate anasokoneza powerenga."

Sukulu itatsekera, Stanford anakwera njinga kupita ku mishoni, ulendo wa theka la tsiku. Kalaliki wa kumeneko, a Goodson Daka, anali munthu wa magalasi omanga ndi ulusi, wokonda kuthandiza. Anatsegula bokosi lachitsulo natulutsa buku lalikulu la ubatizo, lonunkha mileme ndi palafini. Anafufuza limodzi mpaka anafika pa chaka cha 1909. Wolemba anali mlaliki wina wakale, ndipo analemba m'Chinyanja cha masiku amenewo:

"Nikodemo, dzina lace lakale Mpondamwala. Wabatizidwa 14 February. Anali nao akazi awiri. Wasunga Elina. Wamcotsa Nambewe pamodzi ndi ana ace atatu, Cikhosi, Mwatitha ndi wakhanda. Apita kwa abale ao kwa Kalumphe, ku Vubwi."

M'mbali mwa tsambalo, ndi inki ina yofiirira, dzanja lomwelo linawonjezera mawu awa: "Anauza mzungu kuti Elina ndiye woyamba. Tadziwa pambuyo pace kuti ananama. Nambewe ndiye wamkuru, ndiye anayamba kudza ku kalasi."

Stanford anawerenga katatu. Ana atatuwo ndiwo anali pa theka lodulidwa lija: agogo ake analemba ana a mkazi wamkulu poyamba. M'makutu mwake munkangolira ngati mwalowa njuchi.

"Mwatani, aphunzitsi?" anafunsa a Goodson. Anaweramira pa bukulo nawerenga nawonso. "Ha! Lamulo linali lakuti munthu wa mitala asunge mkazi woyamba. Apa zinachita kutembenuka. Kodi ndi abale anu?"

"Ndi agogo anga," anayankha Stanford, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

Anakopera mawu onse papepala. Pobwerera kwawo ankangoganiza za tsiku la ubatizo lija. Mwezi wa Febuluwale ndi wa mvula yosakata, mitsinje itasefukira. Kuchokera ku Kamphasa kukafika ku Vubwi ndi ulendo umene mwamuna wamphamvu amauopa ngakhale m'chilimwe. Munthu amene chithunzi chake chinali pakhoma la tchalitchi anatulutsa mkazi ndi ana atatu m'mwezi umenewo.

Sanauze aliyense. Kunyumba ananena kuti akupita kukafunsa za mbiri kwa okalamba akutali, zimene sizinali zabodza. Anakweza njinga pa lole ya thonje mpaka pa Katete, kenako anapalasa kudzera ku Chadiza, nagona masiku awiri m'nyumba za aphunzitsi anzake. Tsiku lachitatu, dzuwa litapendeka pang'ono, anafika kwa Kalumphe, kamudzi ka pakati pa mapiri kumene anthu ankalankhula Chichewa cha ku Nyasalande ndipo ena ankapereka moni wa Chipwitikizi. Anafunsa amayi amene ankachokera kumadzi ngati ankadziwa munthu wotchedwa Chikhosi, mwana wa Nambewe.

"Mukunena a Zakeyo? Chikhosi ndi dzina lawo laubwana. Pitani pa mtengo wa mango uwo, muwapeza akuluka."

Pansi pa mtengowo panakhala bambo wa imvi, miyendo atatambasula, nsungwi zong'alula zili mbali iyi, dengu losatha lili pamiyendo. Bamboyo atadzutsa mutu, Stanford anangoti kakasi, manja ali pa chiwongolero cha njinga. Mphumi yotakata ija, makutu oima aja, ngakhale kapenyedwe kotsinzina diso limodzi: anali agogo ake a Nikodemo enieni, kungoti owonda ndi ovala nsanza.

"Fikani, alendo," anatero a Zakeyo. "Tsamiritsani njingayo pamtengo."

Atalonjerana, Stanford ananena dzina lake ndi kumene ankachokera, natulutsa pepala lija n'kuwerenga. A Zakeyo anamvetsera manja ali duu pa dengu.

"Kodi zinalembedwa?" anafunsa motsitsa mawu. "Ine ndinkayesa kuti zinangotsala m'mutu mwanga mokha. Werenganinso pamene pali dzina la amayi."

Stanford anawerenganso.

"Wakhandayo dzina lake anali Tiyesenji," anatero a Zakeyo. "Mulembe. Anali ndi dzina."

Mwana wawo wamkazi anabweretsa mbatata yophika m'mbale ndi madzi osamba m'manja. A Zakeyo anayamba kusimba osachita kufunsidwa, maso ali pa nsungwi zawo.

"Pochoka kutsidya ndinali wa zaka zinayi, kapena zisanu. Amayi anasenza mbewu m'chikho, mapira ndi maungu, atate ananyamula nkhwangwa. Chaka choyamba atate anadwala chilonda cha pamwendo, miyezi inayi ali gone. Mitengo yoyamba anagwetsa ndi amayi. Chitsime chija anakumba ndi amayi, ndi khasu lothyoka mpini, ine ndikutaya dothi ndi chipande. Atate atachira anagwira ntchito, sindingawanamizire, anali munthu wamphamvu. Mudzi utayamba kukula anakatenga mtsikana kwa Ansenga, ndiye agogo anuwo. Amayi sanakane. Tobias atabadwa, anamusambitsa ndi amayi anga."

Anaima pang'ono, nalumikiza nsungwi ina.

"Kenako kunabwera mlaliki. Amayi ndiwo anayamba kupita, nyimbo zinawakoka. Ndiwo anakakamiza atate kuti akamve nawo. Tsiku lina m'mawa atate anaika dengu la ufa pakhomo nati, 'Mulungu safuna akazi awiri. Pita kwanu.' Amayi anaseka, ankayesa nthabwala. Kwawo kunali kuti? Abale awo anali atathawira kuno, ndipo amayi anali asanapondeko. Munthu wina anatiperekeza tsiku limodzi n'kubwerera. Tinayenda masabata atatu. Tiyesenji anayamba chifuwa titawoloka mtsinje wina madzi ali m'khosi mwa amayi. Anafera kumbuyo, amayi anadziwa atamumasula kuti amuyamwitse. Anamuika pansi pa msuku, pokumba ndi mtengo. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndinathandiza kukwirira."

Stanford anali atatenga mbatata, koma inangozizirira m'manja mwake.

"Nanga a Mwatitha?"

"Anakwatiwa ku Nyasalande, anamwalira pobereka. Amayi anamwalira mu 1931. M'tchalitchi sanalowemonso, koma posinja ankaimba nyimbo za ku kalasi zija. Ine ndinabatizidwa ku mpingo wina nditakula."

"Atsibweni," anatero Stanford, ndipo liwulo linamulemera pakamwa, "zaka zonsezi simunaganizepo zobwera kudzaona abale anu?"

A Zakeyo anaika dengu pambali namuyang'ana ndi diso lija lotsinzina.

"Ndinabwera. Chaka cha njala, 1949. Kuno kunalibe ngakhale gaga, tinkadya mizu. Tinamva kuti ku Kamphasa nkhokwe zilipo. Ndinayenda masiku asanu ndi anayi. Ndinamupeza Tobias kudimba, ndinamuuza kuti ndine Chikhosi, mwana wa Nambewe, sindifuna munda, sindifuna dzina, ndingopempha chimanga chokwana kusenza. Anati ndikadikire pafupi ndi nkhokwe. Ndinadikira. M'malo mwake kunabwera mnyamata wa kabudula wa khaki ndi malaya oyera, agalu awiri ali pambuyo, nsungwi ili m'manja."

Stanford anakumbukira. Chaka chimenecho anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, atabwera kutchuthi kuchokera ku maphunziro a uphunzitsi. Anthu anjala ankadutsa ambiri. Tsiku lina atsibweni ake anamuitana nati pali wakuba akuzungulira nkhokwe, akamuthamangitse. Iye anapita monyada. Anakumbukira munthu wowonda ngati chikuni akukweza manja, akuyesa kulankhula. Anakumbukira mmene nsungwi inalirira paphewa pake, kawiri, ndi mmene agalu anamuperekezera mpaka kumtsinje. Anakumbukiranso kuti madzulo ake anasimba nkhaniyo kwa anzake akuseka.

"Ndinakuzindikirani muli pa njinga pomwe," anatero a Zakeyo. "Mwanenepa, koma kayendedwe ndi komweko."

Mbatata inagwa m'manja mwa Stanford. Anatsika pa mpando umene anamupatsa, nakhala pansi m'fumbi, nagwira mapazi a munthu wokalambayo. Analira mokweza ngati pamaliro, mpaka amayi a nyumba zoyandikana anatuluka kudzaona.

"Dzukani, aphunzitsi, mudetsa buluku," anatero a Zakeyo. "Inu munatumidwa. Galu saluma mlendo ngati mwini nyumba sanamukhwirizire."

"Munabwerera opanda kanthu?"

"Manja okha. Ndinapeza mayi wa ana angawa ataikidwa dzana lake. Kaya chimangacho chikanamupulumutsa, kaya ayi, sindidziwa. Ndinkaganiza za zimenezo kale, tsopano ndinaleka."

Stanford anakhala kwa Kalumphe masiku awiri, akulemba zonse zimene a Zakeyo ankakumbukira. Ulendo wobwerera sanauone kutalika. Atafika sanapite kunyumba kwake, analunjika kudimba la kumtsinje, kumene anapeza a Tobias akudula nthochi.

"Atsibweni, ndachokera kwa Kalumphe."

Chikwanje chinaima m'mwamba. A Tobias anachitsitsa pang'onopang'ono, nakhala pa tsinde la nthochi limene anali atangogwetsa.

"Akali moyo?" anafunsa.

"Ali moyo. Munandituma kukamenya mkulu wanu, atsibweni. Munkadziwa kuti ndi ndani."

A Tobias anapukuta thukuta ndi chipewa. Nkhope yawo inali itasanduka ngati phulusa.

"Atate anandiuza ali pa mphasa ya imfa," anatero. "Ine za amayi aja ndinkangokumbukira ngati maloto, ndinali wamng'ono. Atate anati, 'Ukawafune ana a Nambewe. Dimba la kumtsinje ndi la mayi wawo, ndiye analiswa. Ukawapatse.' Ine ndinali nditabzalamo kale nthochi ndi nzimbe. Titaika maliro ndinatenga lumo."

"Nanga chaka cha njala? Sanapemphe dimba. Anapempha chimanga chokwana kusenza."

"Ndikanamupatsa lero, mawa akanabwera ndi ana, mkuja mudzi wonse ukanadziwa. Ndinali ndi anthu khumi ndi awiri odya pakhomo panga, mphwanga. Ndinali mkulu wa mpingo. Ndinachita mantha." Anadzutsa maso. "Zimenezi usakaziwerenge. Ukawerenga, wavula agogo ako pagulu, wavula ine, wavulanso amako. Wakufa sadzuka chifukwa cha pepala."

"A Zakeyo sanafe," anayankha Stanford, nachoka.

Amayi ake anawapeza akupeta mapira. Anawauza zonse, kuyambira pa buku la ku mishoni mpaka pa nsungwi ya m'manja mwake. Lichero linapendekeka, mapira n'kukhuthukira pansi, nkhuku n'kuthamangirapo, koma a Febby sanaziingitse.

"Ndili ndi achimwene ena?" anatero a Febby. "Ine ndakalamba chonchi, ndikumwa madzi a chitsime cha mayi wawo, osadziwa ngakhale dzina?" Anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Amayi anga ankadziwa. Ankandipesa tsitsi, ankandiphunzitsa kupemphera, akudziwa."

"Atsibweni akuti ndisawerenge."

A Febby anangofunsa kuti, "Kodi achimwenewo mano ali nawo? Amadya chiyani? Amawaphikira ndani?"

Tsiku la chikondwerero linafika. Anthu anachokera m'midzi yonse yozungulira, Achewa ndi Ansenga, ena pa ngolo, ena pansi. Tchalitchi chinachepa, ndipo mabenchi anawatulutsa pabwalo pansi pa mitengo. Abusa anabwera kuchokera ku mishoni. Makwaya ataimba, anaitana Stanford.

Anayamba ndi zimene onse ankazidziwa: kuthawa kutsidya, nkhalango, mikango. Anthu ankavomereza ndi mitu. Atafika pa chitsime anaima, napuma mwamphamvu, nati: "Chitsimechi anakumba ndi mayi wina dzina lake Nambewe, mkazi woyamba wa a Nikodemo." Kenako anawerenga mawu a m'buku la ubatizo monga mmene analembedwera, pamodzi ndi a inki yofiirira aja. Anatchula Chikhosi, Mwatitha ndi Tiyesenji. Ananena za msuku. Za dimba ndi za lumo sananene, ndipo dzina la atsibweni ake sanalitchule. Koma ananena kuti mu 1949 Chikhosi anabwera kudzapempha chakudya pa mudzi wa atate ake, ndipo kuti iye mwini, Stanford Mvula, anamumenya ndi nsungwi n'kumuthamangitsa ndi agalu.

Ngakhale ana analeka kusewera. Mayi wina kumbuyo anati "Mayo ine!" n'kudzitseka pakamwa. Abusa anavula magalasi nayang'ana pansi. A Tobias anaimirira pa benchi ya akulu a mpingo, nadutsa pakati pa anthu osayang'ana munthu, chipewa chawo n'kutsala pabenchipo.

Mkulu wina, a Bonface, anadzuka mokwiya. "Bodza ili! Mwana uyu wabwera kudzanyoza akufa pa tsiku la Mulungu!"

"Si bodza."

Amene analankhula anali a Ottilia, mayi wokalamba kuposa onse pamudzipo, amene ankakhala pa mkeka kutsogolo chifukwa sankatha kukwera pa benchi. Sanakweze mawu, koma onse anamva.

"Nambewe ndiye anandiphunzitsa kuumba mbiya. Tsiku limene ankachoka ndinamusenzetsa dengu ndine. Si ine ndekha ndikudziwa. A Ackson apo akudziwa, alongo awo akudziwa. Tinauzidwa kuti tisamatchule dzina lake, ndipo tinamvera."

Stanford anayang'ana okalamba amene anatchulidwawo. Palibe amene anakana. Anali anthu amene anamulera, amene ankamupatsa nzimbe ali mwana, amene ankakhala kutsogolo Lamulungu lililonse. Mbali yotsala ya mbiriyo, ya kumangidwa kwa tchalitchi cha njerwa, sanathe kuiwerenga. Anakhala pansi. Abusa anapemphera mwachidule, ndipo nyama ya mbuzi zitatu imene inaphikidwa tsikulo yambiri inatsala m'miphika.

Mudzi unagawikana. Ena ankati mphunzitsi wachita bwino, ena ankati kuchuluka kwa maphunziro kwamuzunguza mutu. Makolo ena analetsa ana awo kupita m'kalasi mwake. Chaka chisanathe Stanford analandira kalata yomusamutsira ku sukulu ina kufupi ndi Mkaika, ndipo sanafunse kuti anapempha ndani. A Tobias analeka kumuyankha moni.

Koma asanasamuke, mu Okutobala, a Febby anamanga katundu. Anali asanapitirirepo pa Katete chibadwire. Anatenga thumba la mtedza, nkhuku ziwiri ndi bulangete latsopano, nauza mwana wawo kuti awaperekeze. Anakwera lole, kenako ngolo, ndipo mbali yotsala anayenda pansi, Stanford akukankha njinga yodzaza katundu.

Anawapeza a Zakeyo pansi pa mango pomwe paja. A Febby anaima patali pang'ono. Ataona nkhope ija anagwira mkono wa Stanford mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa.

"Atate," ananong'ona. "Ndi atate enieni."

Anayenda chogwada mpaka pamene panali a Zakeyo, naomba m'manja.

"Achimwene, ndine Febby. Ndinabadwa inu mutachoka. Sindinadziwe."

A Zakeyo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Chiyambire kumwalira kwa Mwatitha," anatero, "palibe amene ananditchulapo achimwene."

Anakhala pamodzi mpaka mthunzi wa mango unasuntha, akufunsana za ana ndi za matenda a miyendo. A Febby anawapempha kuti abwerere nawo ku Kamphasa, nanena kuti dimba la kumtsinje adzalimenyera okha pamaso pa a Tobias. A Zakeyo anapukusa mutu.

"Manda a amayi ali pano, a mkazi wanga ali pano. Nthochi za Tobias adye yekha. Koma ngati inu simukufulumira, mlongo wanga, khalani tibzale. Mvula yayandikira."

A Febby anakhala mpaka mtedza unakumbidwa. Kuyambira pamenepo ankapita kwa Kalumphe chaka chilichonse. Stanford ankawaperekeza pa tchuthi, ndipo anatenga mdzukulu mmodzi wa a Zakeyo kukaphunzira ku sukulu yake yatsopano.

A Zakeyo anamwalira mu Juni 1962, atadwala chifuwa masabata awiri, a Febby ali pambali pawo. Uthenga unafika ku Kamphasa. A Tobias sanapite kumaliro. Anatumiza mwana wawo pa njinga ndi nsalu yoyera yokulungira mtembo, imene inafika maliro ataikidwa kale. A Febby anailandira, naipinda, naipereka kwa mwana wamkazi wa a Zakeyo kuti asokere ana malaya.